Kalata yathu yopempha basi

 

Ndiyambe ndi funso kwa inu amene mumayenda pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu. Munafikapo pa Mzimba? Ambiri muyankha kuti eya, timadutsa pomwepo. Pepani abale anga, simunafike. Inu mumaima pa Jenda, n'kugula tomato ndi anyezi, basi n'kunyamuka. Kutsogoloko mumaona mphambano ya msewu wokhotera kumanzere, ndipo posakhalitsa mwalowa m'mitengo ya ku Chikangawa. Tawuni ya Mzimba ili kumene wapita msewu wokhotawo. M1 inatisiya pambali, ndipo mabasi akuluakulu ambiri amatsata M1.

Mzimba ndi boma lalikulu kuposa maboma onse m'Malawi muno. Khonsolo yathu imatchedwa M'mbelwa, dzina la Inkosi ya Makhosi imene likulu lake lili ku Edingeni. Kummwera kwa tawuni yathu kuli Manyamula, Edingeni, Embangweni, Jenda, Champhira, Luwerezi, Khosolo, komanso Mqocha kumalire ndi Zambia. Mukawaona pa mapu malo amenewa mungati munthu atha kudya phala pa boma, nsima ya masana n'kukadyera ku Embangweni, madzulo n'kugona kwake. Yesani kuyenda ndi katundu m'mwezi wa February muone.

Ine ndimachita geni mumsika wa pa boma. Ndimagulitsa tomato, anyezi, kachewere ndi nyemba. Ndinalemba mayeso a Fomu 4, ntchito sinapezeke, ndiye benchi langa ndi limene limadyetsa ana anga awiri ndi mayi anga. Katundu wina ndimakaoda ku Jenda, wina kwa alimi a m'midzi ya cha ku Manyamula mpaka ku Embangweni. Kumidziko ndiye kuli mitengo yabwino, makamaka nyemba ndi tomato wa m'madimba. Vuto ndi kafikidwe kake.

Inu a m'tawuni mumadandaula minibasi ikachedwa mphindi makumi awiri pa siteji. Kwathu galimoto ilibe nthawi. Imanyamuka ikadzaza, basi. Ukhoza kufika pa depoti 6 koloko m'mawa, n'kukhala pampando wakutsogolo ngati bwana, dzuwa n'kufika pamutu uli pomwepo. Dalaivala amaliza injini, kuyendetsa pang'ono, n'kubwereranso m'mbuyo kuti odutsa aone ngati ikunyamuka. Ena amene akhala m'katimo si apaulendo ayi, ndi anzake a woitanira, akungodzazitsa mipando kuti iwe ukopeke. Ikadzaza Sienta ija, anthu mwapanikizana ngati usipa m'thumba, dengu lako alimangirira kumbuyo, chitseko cha buti chili yasa.

Kupita n'kosavutako. Pobwera ndiye pali nkhani. Waoda tomato wako madengu atatu, wamutulutsa kumsewu pa ngolo, ndipo wakhala pansi pa mtengo kudikira galimoto imene sukudziwa ngati ibwere. Tomato sadikira munthu. Akakhala padzuwa maola anayi, wapansi amayamba kulira madzi. Njinga ya kabaza imabwera, koma imanyamula dengu limodzi, ndipo mtengo wake umadya phindu la dengu lonselo. Ikapezeka pikapu kapena lole ya matola, mtengo wa katundu amautchula atakuyang'ana nkhope. Akaona kuti dzuwa lapendeka ndipo ulibe kolowera, mtengo umakwera pomwepo.

Dzinja lapitali ndinagona panjira ndi katundu. Pikapu imene tinakwera inatitimira m'matope pamalo ena otsika, cha m'ma 5 koloko madzulo. Amuna anakankha mpaka mdima, zinakanika. Tinapempha malo pakhomo lina lapafupi, eni ake anatiyalira mphasa m'khitchini, Mulungu awadalitse. M'mawa mwake pofika pamsika, theka la tomato linali phala. Ndalama yoodera ndinali nditakongola ku banki m'khonde, ndipo inkafunika kubwezedwa ndi chiwongoladzanja pakutha pa mwezi. Mwana wanga wamkulu anayamba teremu mochedwa sabata ziwiri chifukwa cha ulendo umodzi umenewo. Ndikamakamba za basi, ndikukamba za zimenezi.

Mayi anga akamva ndikudandaula amapukusa mutu. Iwo anaona nthawi ya mabasi a UTM, amene pambuyo pake anakhala Stagecoach, kenako Shire Bus Lines, kampani imene inatha cha m'ma 2007. Amati basi ya masiku amenewo inkafika kumidzi, inkagona komweko, m'mawa n'kuliza hutala anthu ali kale pa siteji ndi mitolo yawo. Katundu ankakwera pamwamba, kondakitala n'kukulembera tikiti yake. Sakuti zonse zinali bwino ayi. Amati inkachedwa, inkafa panjira, fumbi linkalowa mpaka m'mano. Koma munthu ankadziwa tsiku, ankadziwa ola, ankadziwa mtengo. Zitatu zimenezi ndi zimene ife tilibe.

Choseketsa n'chakuti kwathu kuno ulendo wa ku Joni ndi wodziwika bwino kuposa wa ku Edingeni. Mukudziwa kuti anyamata ambiri a ku Mzimba ali ku South Africa. Funsani aliyense mumsika kuti galimoto ya ku Johannesburg inyamuka liti, akuuzani tsiku, malo okwerera ndi mtengo wake. Funsani kuti yopita ku Embangweni kudzera ku Manyamula inyamuka nthawi yanji, akuyankhani kuti khalani pompo muone.

Musaganize kuti ndi ife a geni tokha. Ku Embangweni kuli chipatala cha mishoni cha CCAP Sinodi ya Livingstonia, pamalo pamene m'busa Donald Fraser anakhazika mishoni mu 1902. Kulinso sukulu ya ana osamva ndi sekondale ya Robert Laws. Makolo amachokera kutali kukaona ana awo kumeneko. Nawonso anthu a kumidzi amafunika kufika pa boma: wina kuchipatala chachikulu, wina kukhoti, wina kukatenga chiphaso cha unzika, mphunzitsi kukasiya mapepala ku ofesi ya maphunziro. Ndakwerapo galimoto imodzi ndi gogo wina amene anabwera kudzangosainitsa pepala limodzi, koma anagona masiku awiri pakhonde la wachibale. Nanga mlimi? Vendala akafika pakhomo pake ndi galimoto, mlimi amagulitsa pa mtengo uliwonse, chifukwa akakana, tomato wake awolera m'dimba.

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku lina titamaliza kuponya masheya ku banki m'khonde, tinakhala amayi khumi ndi awiri n'kufunsana kuti kodi tizingolira mpaka liti. Mmodzi anati tipite kwa a phungu. Wina anati tiimbe foni pa wayilesi. Wina anati tingosonkha ndalama tizichita hayala lole kamodzi pa sabata. Pomaliza tinagwirizana kuti tikafunse nzeru kwa bambo ena opuma pa ntchito ya uphunzitsi, amene amakhala m'komiti ya chitukuko ya dera lawo ndipo amagula nyemba pa benchi langa.

Zimene anatiuza ndikufuna ndikugawireni, chifukwa zingathandize wina ku Nsanje kapena ku Chitipa. Anati khonsolo ilibe mabasi, ndipo siingalamule mwini galimoto kuti ayende msewu umene sakufuna. Chilolezo chonyamula anthu chimachokera ku nthambi ya Road Traffic. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority. Koma khonsolo ndi imene imayang'anira misika ndi madepoti, imatolera ndalama m'malo amenewa, imaona za timisewu ta m'midzi, ili ndi mphamvu yopanga malamulo a m'dera lake, ndipo ikaitana anthu ku msonkhano amabwera. Anatinso pempho lili ndi njira yake. Limayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, n'kupita ku ya dera la mfumu yaikulu, ADC, ndipo khansala amalitengera ku msonkhano wa khonsolo, kumene kumakhalanso aphungu ndi makhosi. Makhonsolowa amayendera lamulo la maboma ang'ono la 1998.

Kenako anatifunsa funso limene linatikhazika chete. “Amama, mukafika kumeneko n'kunena kuti mayendedwe akuvuta, aliyense avomera, chifukwa nawonso amayenda misewu yomweyi. Akatha kuvomera akufunsani kuti ndiye tichite chiyani. Muyankha kuti bwanji?”

Tinagula kope la ana a sukulu. Kwa sabata zinayi tinkalemba aliyense wa mumsika amene wapita kukaoda mbali imeneyo: tsiku, kumene wapita, nthawi imene anafika pa siteji, nthawi imene galimoto inanyamuka, madengu kapena matumba angati, analipira zingati, anabwerako liti. Amene sadziwa kulemba ankandiuza ine ndikulemba. Ogulitsa nsomba ndi a kaunjika atamva anati tilembeninso ife, poti timayendera misika ya kumidzi. Kope lija litadzaza tinaona chinthu chimene sitinkachiona tikamayenda aliyense payekha. Ambirife timayenda masiku ofanana, msewu umodzi, kungoti wina amafika pa siteji 6 koloko, wina 8, wina 10, ndipo aliyense amadikira yekha. Anthu odzaza minibasi alipo. Chosowa ndi ola loti tikumanepo.

Ndiye tinalemba kalata. Tinailemba m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, tsamba limodzi lokha, ndipo muli zinthu zinayi.

Choyamba, kuti khonsolo iitane eni minibasi ndi mabasi, ife a geni, ndi oimira madera, tikambirane za galimoto ya nthawi yodziwika yochoka pa boma kudzera ku Manyamula, Edingeni ndi Embangweni mpaka ku Jenda, n'kubwerera njira yomweyo masana. Sitinapemphe tsiku ndi tsiku. Tinati Lachiwiri ndi Lachisanu, kwa miyezi itatu yoyeserera, kuyambira nyengo yopanda mvula.

Chachiwiri, kuti galimoto imeneyi ipatsidwe malo akeake pa depoti, pakhale chikwangwani cholembapo ola lonyamukira, ndipo isamalowe pamzere wodikira kudzaza.

Chachitatu, kuti mtengo wa katundu ugwirizanidwe ndi kulembedwa poyera: dengu zakuti, thumba la makilogalamu 50 zakuti. Mafuta akakwera, tikhalenso pansi tisinthe, koma munthu azidziwa asanachoke pakhomo.

Chachinayi, kuti malo otsika amene galimoto zimatitimira akonzedwe mvula isanayambe, ndipo pamene pali pa Roads Authority khonsolo itiperekere mawu kumeneko. Tinatchula malowo limodzilimodzi, poti timawadziwa ndi misana yathu.

Tisanapereke kalatayi tinati tiyambe tamva mbali ya eni galimoto, kuopa kukachita manyazi pagulu. Ine ndi mnzanga tinapita kwa bambo ena amene ali ndi maminibasi awiri. Anatilandira bwino, anawerenga, n'kuseka pang'ono.

“Asisi, maganizo ndi abwino. Koma msewu umenewu mukuudziwa. Ulendo umodzi wokha masipuling'i atha. Sipeya ndimagula ndi ndalama ya lero, osati ya kale. Ndikanyamuka 6 koloko ndi anthu anayi, mafuta andilipirira ndani?”

Sankanama. Chichokereni November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, tayala, sipeya ndi oyilo zonse zinakwera, ndipo pakhala nyengo zimene mafuta amasowa, madalaivala n'kumagona pa filing'i siteshoni. Munthu wotere sungamuuze kuti ayendetse galimoto yopanda anthu chifukwa chokonda dziko.

Ndinati, “Adada, nanga ife titamalipiriratu mipando isanu ndi itatu dzulo lake, kaya tikwera kaya sitikwera?”

Anasiya kuseka. Anatenga kope lija n'kuyamba kutsegula masamba. Anafunsa kuti ndalamayo azisunga ndani, ndipo wina akadwala osapita zikhala bwanji. Tinati msungichuma wa gulu lathu ndiye azitolera, ndipo mpando wa wodwala tiziugulitsa tokha kwa wina. Sanalonjeze kanthu. Anangoti khonsolo ikaitana msonkhano adzabwera, ndipo chimene akuopa kwambiri ndi anzake a pamzere, amene angamuone ngati akuwalanda anthu. N'chifukwa chake nkhaniyi ikufunika khonsolo. Ife ndi iyeyo patokha sitingasinthe dongosolo la pa depoti.

Kulipiriratu mipando si nkhani yopepuka kwa ife. Pali sabata zimene geni imakhala yofooka moti sufuna n'komwe kukaoda, koma ndalama ya mpando iyenera kutuluka. Awiri m'gulu lathu anakana, anati mpamba wawo ndi wochepa, ndipo palibe amene anawadzudzula. Enafe tinati walira mvula walira matope.

Anyamata a kabaza nawo anamva. Mmodzi, amene amandinyamulira katundu kuchokera pa depoti, anandifunsa mosabisa kuti, “Amama, mukufuna tife ndi njala?” Ndinamuyankha kuti basi siingalowe kudimba. Idzaima pamsewu, ndipo amene adzatulutse madengu kuchokera kumidzi kufika pa siteji nthawi isanakwane ndi iwowo. Ola likadziwika, nawonso adziwa nthawi yopezera makasitomala m'malo mowotcha mafuta kuzungulira. Anati tiona. Nkhawa yake ndikuimvetsa, naye ali ndi ana.

Palinso ena amene anatiuza kuti tikutaya nthawi, tidikire tala, mabasi adzabwera okha. Nkhani ya tala la msewu wa Jenda kupita ku Edingeni ndinayamba kuimva ndili mtsikana. Gawo loyamba, makilomita 15 kuchoka pa Jenda kufika pa Chindoka, linamangidwa, ndipo lotsalalo lakhala likutchulidwa pa misonkhano ya ndale kwa zaka zambiri. Tala tikulifuna, ndipo tsiku limene lidzafike pa boma kudzera ku Manyamula ndidzavina ingoma ngakhale sindiitha. Koma ngongole ya ku banki m'khonde imabwezedwa mwezi uno. Mabasi a nthawi ya mayi anga ankayenda pa fumbi lomweli.

Kalata ija tinasainira anthu ambiri, ena ndi chala. Tinaipereka kwa wapampando wa komiti ya msika, kwa khansala wa dera lathu, ndi ku ma ADC a madera amene msewuwo umadutsa, kudzera mwa alimi amene timaoda kwa iwo. Aphunzitsi aja anatilangiza kuti paliponse pamene tapereka, tizipempha kuti atidindire kapena kutisainira pa kope lathu, ndi kulemba tsiku. Anatinso tisaipereke m'dzina la chipani chilichonse, chifukwa pempho likavala nsalu ya chipani limafa tsiku limene chipanicho chagwa. Tinapitanso kwa mafumu, poti kuno nkhani imene makhosi sakuidziwa siyenda. Pano tikudikira kuti ilowe pa mndandanda wa zokambirana, ndipo tasankha amayi atatu oti azikafunsa pakutha pa mwezi uliwonse kuti yafika pati.

Mwina wina akuwerenga n'kumati, nkhani yonseyi ya minibasi imodzi yoyenda kawiri pa sabata? Eya, imodzi yomweyo. Tsiku lililonse ndikakhala pa benchi amabwera wotolera ndalama ya msika, ndimalipira, amandipatsa tikiti. Sindikana, poti ndi lamulo, ndipo msika umafunika kusesedwa. Koma munthu amene amalipira tsiku ndi tsiku ali ndi pakamwa pofunsira. Tomato amene ndimalipirira tikitiyo sagwa kumwamba, amabwera pa msewu. Galimoto ya nthawi ikapezeka, ine ndidzaoda kawiri pa sabata m'malo mwa kamodzi, mlimi adzakhala ndi ogula oposa mmodzi, ndipo khonsolo yomweyo idzatolera zambiri.

Ndikuuzeni zoona, chaka chino ndi chimene ndiganize ngati ndipitirize geni ya tomato kapena ndisiye. Mchimwene wanga ali ku Joni ndipo wakhala akundiuza kuti ndisiye ana kwa mayi, ndipite ndikagwire ntchito ya m'nyumba. Sindikufuna. Ndikufuna kukhala pano, ana anga ndizigona nawo nyumba imodzi. Koma dzinja lina ngati lapitali mpamba wanga sungapirire.

Tsono inu anzanga a m'maboma ena, ndithandizeni nzeru. Kodi kwanuko alipo amene anapemphapo galimoto ya nthawi, kapena kusintha kwa njira ya minibasi, zinthu n'kutheka? Munadzera khomo liti? Eni galimoto munagwirizana nawo bwanji pa nkhani ya mipando yopanda anthu? Ngati pa gulu lino pali amene amagwira ntchito ku khonsolo iliyonse, tiuzeni chimene chimachititsa kuti kalata ina iwerengedwe pa msonkhano, ina ikhale m'fayilo. Chilichonse chimene mundiuze ndikawawerengera amayi anzanga Lachinayi likudzali tikakumana ku banki m'khonde, ndipo chothandiza tikachilemba kumapeto kwa kope lathu lija.